Za Kulawa ndi Kupapira

M'miyezi ino tamva funso limodzi kawiri katatu, ndipo licokera kwa anyamata athu amene anapita kukagwira nchito ku South Africa. Ena a iwo anatumikira pagome m'mahotela a ku Cape Town, naona ndi maso ao m'mene anthu olemera amwera vinyo wofiira. Pobwera kuno ati kwa ife, "Inu aphunzitsi mutidzudzula cifukwa ca mowa, koma ife taona akuru, madokotala ndi oweruza milandu, ali kumwa vinyo madzulo ndi madzulo, ndipo palibe munthu awanyoza. Kodi cakumwa cao ncoyera, cathu ndico codetsedwa? Kapena mlandu wathu ndiwo umphawi?" Funso ili nlolemera, ndipo sitiyenera kuliyankha ndi kukalipa. Tikapanda kuliyankha moona, anyamatawa adzaleka kutimvera pa zinanso. Cifukwa cace tiyambe tafotokoza cinthuco, m'mene acipangira ndi m'mene aciperekera, pakuti mfumu yabwino siigamula mlandu isanamve mbali zonse.

Tisankhe munda umodzi wochuka, kuti nkhani yathu ikhale ndi poimira. Dzina lace ndi Meerlust, ndipo uli kufupi ndi mudzi wa Stellenbosch, m'mbali mwa mtsinje wa Eerste, posatalikira nyanja yamcere pa dera lochedwa False Bay. Vinyo woyamba wa dziko la Cape anapondedwa m'caka ca 1659, masiku a Jan van Riebeeck. Stellenbosch anamangidwa m'caka ca 1679, ndipo munda wa Meerlust unayambika m'caka ca 1693. M'zaka za m'ma 1750 banja la Myburgh linaugula, ndipo unakhala m'manja mwa banja lomwelo, mbadwo kusiyira mbadwo, kufikira unafika pa mbadwo wa 8. Talingalirani, ndani mwa ife angachule maina a makolo ace 8 amene analima nthaka imodzi?

Nyengo za kumeneko zisiyana ndi zathu. Mvula yao igwa m'miyezi yacisanu, ndipo m'miyezi imene ife tiri ndi dzinja iwo ali ndi dzuwa louma ndi mphepo yocokera kunyanja. Munthu akaoka mpesa adikira ngati zaka 3 asanachole zipatso zoti nkupanga nazo vinyo, ndipo zipatso zokoma koposa zidza mtengo utakhwima. Nthawi yacisanu adulira mpesa kolimba, nataya nthambi zambiri, pakuti mpesa wolemedwa ndi zipatso upatsa vinyo wa madzimadzi. Tsono mlimi wofuna ukoma abvomera dala kukolola zocepa. Akolola m'miyezi ya Febuluwale ndi Malici, pamene ife tiyamba kudya cimanga caciwisi. Ndipo masoka sacepa. M'caka ca 1886 kacirombo kochedwa phylloxera, kakudya mizu ya mpesa, kanaoneka m'dziko la Cape, nikaononga minda yambiri. Alimi anazula mitengo yao, naokanso pa kumezetsa nthambi zao pa mizu ya mipesa ya ku America, imene kaciromboko sikaipha.

Atakolola afinya mphesazo. Madzi ace a mphesa zakuda sali ofiira, koma oyera. Kufiira kucokera m'makoko, cifukwa cace asiya makoko ndi madzi pamodzi masiku ambiri. Pamenepo tizamoyo ta cotupitsa tidya kutsekemera kwa mphesa, nitikusandutsa mphamvu yoledzeretsa, monga momwe mowa uwirira m'mbiya za kwathu. M'makoko ndi m'njere mucokeranso kanthu kena kakuumitsa m'kamwa, konga kamene timva poluma nthoci yosapsa. Ndiko kachinjiriza vinyo kuti akhale zaka zambiri wosaonongeka, ndipo pakupita kwa zaka ukali wace ucepa. Pambuyo pace amthira m'migolo ya matabwa a thundu, nakhala m'menemo nthawi yoposa caka, m'nyumba yozizira ndi yamdima. Atatero amthira m'mabotolo, namsunganso. Cotsekera botolo ndico khungwa la mtengo wina umene ucuruka ku Portugal, ndipo khungwalo alisenda kamodzi pa zaka 9.

Vinyo wochuka wa ku Meerlust amucha Rubicon. Anamuyamba ndi Nico Myburgh, mothandizana ndi mmisiri wa ku Italy dzina lace Giorgio Dalla Cia, ndi zokolola za caka ca 1980. Anasanganiza mitundu 3 ya mphesa, Cabernet Sauvignon, Merlot ndi Cabernet Franc, potsata macitidwe a ku Bordeaux m'dziko la France. Dzinalo ndi la kamtsinje ka ku Italy kamene Julius Caesar anaoloka ndi asilikari ace, podziwa kuti ataoloka sakhozanso kubwerera. Koma cinthu cimene tifuna mucisunge ndi ici: zaka zina, monga 2002 ndi 2011, eni mundawo anaona kuti vinyo wa cakaco sanafike pa muyeso wao, ndipo anakana kulembapo dzina la Rubicon. Anamgulitsa ndi dzina lina, pa mtengo wotsika. Akadalemba dzinalo ogula ambiri sakadazindikira msanga. Koma iwo anayesa dzina lao cinthu coposa phindu la caka cimodzi.

Tsopano za kupereka kwace, monga anyamata athu aja anaphunzira. Botolo alisunga logona, kuti cotsekera cisaume ndi kulowetsa mpweya. Ngati vinyo ngwa zaka zambiri, aimika botolo tsiku limodzi lisanatsegulidwe, kuti nsenga zitsikire pansi. Sampereka wotentha, kapena wozizira koposa, koma pa madigiri 16 kufikira 18, ndiko kunena monga madzi a mumtsuko m'mawa wa mwezi wa Juni. Wotumikira aonetsa botolo kwa mwini phwando, nalitsegula modekha, natsanulira vinyoyo mumtsuko wagalasi pang'ono pang'ono, kandulo iri kuwala pansi pa khosi la botolo. Akaona nsenga ziri kufika pakhosi, aleka. Atatero athira kadontho m'tambula ya mwini phwando. Iye anunkhiza, nalawa, pakuti nthawi zina cotsekera ciononga vinyo, nanunkha ngati nsaru yobvunda. Ndipo sikuyenera kuti mlendo ndiye ayambe kupeza coipaco. Mwini akabvomera, athirira alendo, ndi mwini yekha potsiriza.

Tambula yace njaikuru, yamimba, yokhala ndi mwendo wautali. Koma saidzaza iai. Athira gawo limodzi la magawo 3. Botolo liri ndi mamililita 750, ndipo likwanira matambula 5 kapena 6. Tsono anthu 6 akhoza kukhala pa botolo limodzi cakudya conse. Wakumwa agwira pamwendo, kuti dzanja lisatenthetse vinyo. Ayamba wapenya maonekedwe ace pa nsaru yoyera, pakuti vinyo wamng'ono afiira moderapo, ndi wokalamba akhala ngati njerwa m'mbali mwace. Azunguza tambula kuti pfungo lituruke, nanunkhiza. Ena amvamo pfungo la zipatso zakuda, ena la matabwa, ena la fodya wouma. Pamenepo alawa pang'ono, nasunga m'kamwa kamphindi asanameze, nacheza khutu la mtima wace kuti ukomawo ukhala nthawi yanji atameza. Ndipo amwa ali kudya nyama ndi mkate, ndi madzi ali pambali. Amisiri olawa mitundu yambiri tsiku limodzi sameza konse. Alawa, nalabvula m'cotengera, kuti nzeru zao zisasokonezeke.

Kodi m'zonsezi muli kanthu kotamandika? Sitikana, mulimo. Muli kudekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo munthu amene aoka mtengo kuti mdzukuru wace adzadyepo ali ndi mtima umene ife tiukhumba m'midzi yathu. Muli kuona mtima pa nchito, monga taona pa dzina lija lokanizidwa. Mulinso muyeso. Taonani, miyambo yonse ija ya pagome, kupenya, kununkhiza, kuthira pang'ono, kudya pakati, iri ndi nchito imodzi, ndiyo kucedwetsa dzanja panjira ya kukamwa. Wolawa afuna kuti nzeru zace zikhale maso, kuti azindikire cimene ciri m'kamwa mwace. Wopapira afuna kuti nzeru zace zigone, aiwale ngongole, njala ndi manyazi. Anthu awiriwa angamwe m'botolo limodzi, koma zimene afuna zitsutsana.

Koma musayese kuti nzeru iyi njacilendo. Akuru athu atiuza kuti kale mwini mowa ndiye anayamba kumwa m'cipanda pamaso pa onse, kuti alendo adziwe kuti mulibe coipa. Si cimodzimodzi kodi ndi mwini phwando uja wa ku Cape? Mowa unafulidwa pa cifukwa cace, pa dima, pa ukwati, pa maliro. Anamwa nchito itatha, makasu atatsamira pankhokwe. Cipanda cinayenda mwa ukuru, ndi ana sanakhala pambiya. Sitinena kuti masikuwo kunalibe kuledzera, pakuti kunali, ndi ndeu zomwe. Koma makolo anazindikira kuti cakumwa caukali cifuna mpanda. Mpandawo unagwa pamene cakumwa cinasanduka malonda a tsiku ndi tsiku, ndi kacasu anayamba kugulitsidwa kwa ali yense wogwira ndalama, ngakhale mwana, ngakhale m'mawa dzuwa lisanakwere.

Tsono yankho lathu loyamba kwa anyamata aja ndi ili: mwanena zoona pang'ono. Vinyo wa olemera sali woyera cifukwa ca mtengo wace, ndi mowa wa kumudzi suli wodetsedwa cifukwa ca cipanda. Mphamvu yoledzeretsa iri m'zonse ziwiri ndi imodzi. Ndipo m'vinyo wofiira muli yambiri, ngati magawo 13 kapena 14 pa magawo 100, kuposa mowa wa masese. Mphunzitsi amene alemekeza cidakwa cobvala nsapato, nanyoza cidakwa copanda nsapato, acita tsankho, ndipo ayenera kulapa.

Koma nkhani siinathe. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tifunse, ndani anakumba maenje a mipesa ya ku Cape, ndani anasenza mitanga padzuwa? Zaka zambiri minda ya vinyo ya dziko lija inalimidwa ndi akapolo, ena a iwo otengedwa ku Mozambique ndi ku Madagascar, kufikira ukapolo unathetsedwa m'caka ca 1834; ndipo ngakhale pamenepo anawaumiriza kutumikirabe ambuye ao kufikira 1838. Ndipo m'minda yambiri ya dzikolo munali mwambo woipa wochedwa dop: wanchito analandira vinyo wacabecabe kangapo pa tsiku monga gawo la malipiro ace. Munthu wozolowera cotero sakhoza kucoka pa mundapo, pakuti ludzu lammanga koposa unyolo. Lamulo linaletsa mwambowu kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, koma unapitirira m'minda ina kufikira zaka za m'ma 1990. Cipatso cace cinaonekera mwa ana. Mai akamwa ali ndi pakati, cakumwaco cifika kwa mwana m'mimba, niciononga ubongo wace kosacirikanso. Ndipo madokotala amene anayesa ana a sukulu m'midzi ina ya Western Cape anapeza kuti bvuto ili linacuruka kumeneko pa muyeso umene sunaoneke kawirikawiri kwina kuli konse pa dziko lapansi. Mpesa ndi umodzi. M'nyumba yaikuru analawa ndi kandulo, kuseri kwa khola anapapira m'citini. Sitinena izi kuti tiike mlandu pa munda wakuti kapena banja lakuti, koma kuti munthu poyamikira tambula asaiwale dzanja losenza mtanga.

Palinso cina. Mwambo wa pagome ukhoza kukhala cobvala cobisa cironda. Inu anyamata munaona akuru aja ali pagome, simunawatsata kunyumba. Alipo olemera ambiri amene adziwa maina onse a mphesa, nagwira tambula pamwendo monga kuyenera, koma sakhoza kugona tulo osamwa. Kusiyana kwao ndi cidakwa ca kwathu ndiko kuti iwo ali ndi mpanda wa njerwa ndi galimoto, ndipo mudzi suwaona ali kudzandira. Ena anafalitsa mau akuti vinyo wofiira ndi mankhwala a mtima. Musawakhulupirire msanga. M'caka ca 2023 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti palibe muyeso wa cakumwa coledzeretsa umene tinganene kuti suononga thupi konse, pakuti ciri mwa zinthu zoyambitsa nthenda ya khansa. Tsono wakumwa pang'ono acepetsa ngozi, koma asadzinyenge kuti ali kumwa mankhwala.

Wina adzati, "Ngati nkotero, bwanji simungonena kuti vinyo ndi woipa, nkhani ithe?" Sitikhoza kutero, pakuti sikuli koona. M'Malembo timva za Nowa, amene anaoka munda wamphesa, naledzera, nacititsa manyazi nyumba yace. Timvanso za ukwati wa ku Kana, kumene mkuru wa phwando analawa vinyo, nazizwa kuti wokoma anasungidwa kufikira potsiriza. Nkhani ziwirizi ziri m'buku limodzi, ndipo sitiyenera kung'amba imodzi kuti inzace itikomere. Cipatso ca mpesa ncabwino monga moto uli wabwino. Koma palibe mai asiya moto m'manja mwa mwana pa denga la udzu. Funso loyenera si lakuti, Cakumwa ici ncamtundu wanji? koma lakuti, Ndine munthu wotani, ndipo ndiri pakati pa anthu otani?

Cifukwa cace tipempha ali yense adziyese ndi mafunso awa, pa vinyo, pa mowa, ndi pa cokoma ciri conse.

Loyamba: ndalama iyi nja yani? Botolo limodzi la vinyo wotere m'hotela liposa mtengo wa thumba la cimanga. Wolemera akagula, ana ace adyabe. Koma atate amene amwa ndalama ya feteleza kapena ya sukulu, ngakhale amwe mwaulemu wotani, ali kumwa cakudya ca ana ace. Apa umphawi suli mlandu, koma ucepetsa malo olakwira; munthu woyenda pa mlatho wa mtengo umodzi ayenera kusamala koposa woyenda pamseu.

Laciwiri: ndani analipira ndi thupi lace kuti ine ndikondwe? Ngati ndi wanchito wosalandira zomyenera, kapena mkazi wodikira usiku ndi mantha, kapena mwana wosabadwa, ukomawo ngwakuba.

Lacitatu: kodi ndikhoza kuleka? Ici ndico ciyeso cacikuru. Wolawa weniweni akhoza kusiya tambula isanathe, nakhala mwezi wosamwa, mtima uli m'malo. Ngati munthu sakhoza, waoloka kale kamtsinje kaja kosabwerera nako msanga, ndipo kwa iye muyeso wabwino ndiwo kusalawa konse. Asacite manyazi kupempha thandizo kwa akuru ndi kucipatala.

Lacinai: ndani ali kundipenya? Pamudzi pamene atate ambiri agwa ndi kacasu, munthu wamphamvu amene akhoza kumwa pang'ono acita bwino akadzikaniza, cifukwa ca mbale wace wofoka amene adzati, "Uje amwa, nanenso ndimwe." Ufulu umene ugwetsa mnansi suli wamtengo. Ndipo inu amene munalonjeza pamaso pa mpingo kuti simudzamwa, sungani lonjezo lanu. Palibe mau m'kalata muno akumasulani. Ngati eni munda aja anataya phindu la caka kuti dzina lao lisaipe, kodi inu mudzagulitsa lanu ndi cipanda cimodzi?

Ndipo kwa inu anyamata tinena mau otsiriza. Sitikunyozani cifukwa ca nchito ija. Munaigwira ndi manja oyera, nimutumiza ndalama kwa amai anu, ndipo mwaphunzira zimene ife sitinazidziwa. Koma posankha za kubwera nazo kumudzi, sankhani bwino. Botolo lija silinapangidwira matumba athu, ndipo palibe cimene titaya posalilawa. Bwerani nako kudekha kwa mlimi wodulira mtengo, ndi kuona mtima kwa mmisiri wokana kunamiza wogula. Okani mango ndi malalanje amene adzukuru anu adzachola. Musathire mcenga kapena madzi m'fodya ndi m'mtedza wa malonda. Lipirani waganyu ndi ndalama kapena cimanga, osati ndi kacasu. Ndipo pokhala pa nsima, ngakhale ndiwo ndi nkhwani zokha, idyani modekha ndi kuyamika, pozindikira manja amene analima ndi amene anaphika. Ife aphunzitsi tidzayesanso kuleka tsankho pa kudzudzula kwathu, kuti cimene ticitsutsa mwa wosauka ticitsutsenso mwa wolemera.